Kwa achimwene ofuna external yosungira zithunzi za maukwati

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga. Mwati laputopu yadzaza ndi zithunzi komanso mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe zimene mwakhala mukujambula, ndiye mukufuna kugula external, diski yosungira mafayilo yolumikiza pa kompyuta ndi chingwe, musamutsire zonse kumeneko, laputopu ipepukidwe. Mukufunsa mtundu wabwino ndi mtengo wake.  Ine ntchito yanga ndi yokonza makompyuta, ndipo chimene chandidetsa nkhawa si mtundu wa external, koma maganizo anuwo oti mukakopera, mufufute zonse pa laputopu.

Chonde musatero. Fayilo ikakhala pamalo amodzi okha, kaya pa laputopu, kaya pa external, ndiye kuti simunaisunge, mwangoisintha malo. Ndipo kumene mukufuna kuipititsako n'kosalimba kuposa kumene ili panopa, chifukwa laputopu nthawi zambiri imakhala patebulo, pamene external imayenda m'chikwama, imazulidwa, imabwerekedwa, imagwa.

Ndikunena motsindika chonchi chifukwa cha mnyamata wina wojambula ngati inu amene anabwera kuntchito kwanga atanyamula external ya 2TB m'manja. Anachita ndendende zimene mukufuna kuchitazi. Tsiku lina akusankha zithunzi pabalaza, mwana wake wokwawa anakoka chingwe, diski n'kugwa kuchoka pa katebulo kakafupi kufika pasimenti. Chikesi sichinasweke, ngakhale kukalika. Kuilumikiza, kanyali kamayaka bwinobwino, koma mkati mumangomveka tiki, tiki, tiki, kenako zii. Mmenemo munali ntchito yake ya zaka zingapo, kuphatikizapo ukwati wa Loweruka lapitalo umene anali asanapereke kwa eni ake, ndipo khadi la m'kamera anali atalifomata kale pokonzekera ntchito ina. Asanafike kwa ine anali ataiyesa pa makompyuta a anzake, aliyense akuti bwera nayo kuno, yanga imawerenga chilichonse. Kuyesako n'kumene kunamalizitsa. Mkati mwa diski zoterezi muli timbale tozungulira maulendo 5,400 pa mphindi imodzi, ndipo kamutu kowerenga kamayandama pamwamba pake pa mpata wochepa kwambiri kuposa kunenepa kwa tsitsi. Ikagwa ili mkati mozungulira, kamutuko kamagunda mbale n'kupindika, ndiye nthawi iliyonse mukaiyatsa kamapitiriza kukala pamene pali mafayilo anu. Palibe pulogalamu imene ingakonze zimenezo. Pamafunika akatswiri otsegula diski m'chipinda chopanda fumbi, ndipo titafunsa ku South Africa, mtengo umene anatiuza unaposa ndalama imene mnyamatayo analandira pa ukwati wonsewo, popandanso lonjezo loti zithunzi zibwerera. Anakapepesa kubanja kuja kudzera mwa ankhoswe, anabweza ndalama, n'kuyamba kupempha zithunzi za m'mafoni mwa anthu amene anabwera ku ukwatiwo. Nkhope yake tsiku limene ndinamuuza kuti sizitheka sindiiwala. Ukwati sungauze anthu kuti aubwereze.

Ndiye gulani ziwiri. Ndikudziwa kuti ziwiri za 1TB zimadula kuposa imodzi ya 2TB, komabe ngati ntchito yanu ikukwana mu 1TB, kuli bwino ziwirizo. Imodzi ikhale yogwirira ntchito, inayo muziilumikiza pokhapokha pamene mukukopera, mukatha muzule, ikagone kwina. Osati m'chikwama chimodzi ndi laputopu, chifukwa wakuba m'minibasi amatenga chikwama chonse. Kwa mayi anu, kwa mlongo wanu, ku ofesi, kulikonse kumene si nyumba yomweyo. Anthu a makompyuta amati lamulo la 3-2-1: makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, kope limodzi likhale kutali. Ngati ndalama ikukwana imodzi yokha mwezi uno, gulani imodziyo koma pa laputopu musafufute kanthu kufikira yachiwiri itabwera. Laputopu yodzaza imangochedwa, siitaya zinthu.

Mtundu wake si nkhani yaikulu monga anthu amaganizira. Makampani opanga diski zozungulirazi anatsala atatu padziko lonse: Seagate, Western Digital imene timangoti WD, ndi Toshiba. Ena onse amagula kwa amenewa n'kuvekapo chikesi chawo. Ine ndimakonda Transcend StoreJet, ija yokutidwa ndi labala, chifukwa anthu oyendayenda ngati inu imawapirira m'chikwama ndi m'misewu ya mabampu. Koma labalayo amathandiza diski ikakhala yozima. Ikagwa ikuzungulira, ngozi ndi yomweyo. Tengani yaing'ono ya mainchesi 2.5 imene imadya moto wa pa USB. Zikuluzikulu za mainchesi 3.5 zimafuna kulumikiza kukhoma, ndiye ndi mmene magetsi amazimira mosachenjeza, komanso mphenzi za nthawi ya dzinja, zimenezo n'zovuta pokhapokha muli ndi UPS, bokosi la batire lopereka moto magetsi akathima. Yaing'onoyo ikakhala pa laputopu, batire ya laputopu imaiteteza magetsi akathima. Onetsetsani kuti ndi ya USB 3.0 ndipo muziilowetsa pa kabowo kabuluu mkati. Pa USB 2.0 mudzadikira nthawi yaitali kuti mukopere vidiyo imodzi yaitali ndi zithunzi zake.

Mtundu wina wa diski wotchedwa SSD, monga Samsung T7, ndi wosiyana: SSD ilibe chozungulira mkati, imathamanga kwambiri ndipo kugwa sikuiopsa kwenikweni. Ndi yabwino kugwirirapo ntchito yokonza mavidiyo. Koma ikafuna kufa siichenjeza ndi phokoso, imangosowa, ndipo kubweza zinthu kuchokera mmenemo n'kovuta koposa. Ngati thumba likulola, SSD ikhale yogwirira ntchito, diski wamba ikhale yosungira.

Mitengo ndinena mongoyerekeza, ndipo ndinena m'madola chifukwa ya m'makwacha siikhalitsa. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo umene mnzanu anagulira chaka chatha sungakuthandizeni lero. Kunja, pamene ndinaona komaliza, diski wamba ya 1TB inali cha m'ma dola 60, ya 2TB cha m'ma 80 kapena 90, SSD ya 1TB kuyambira 100 kupita m'mwamba. Ikafika kuno onjezerani msonkho, mayendedwe ndi phindu la wogulitsa. Ngati muli ndi m'bale ku Johannesburg amene akubwera, mutumeni akagule m'sitolo yodziwika ndipo asunge lisiti. Manambalawa ndakupatsani makamaka kuti muzitha kuzindikira bodza. Munthu akakutsatsani 2TB yatsopano pa theka la mtengo wa kunja, pali chimene sakukuuzani.

Apa ndiye ndisiyane maganizo ndi amene akulozerani zija zotsatsidwa pa Facebook, zoti SSD ya 8TB kapena 16TB pa mtengo wa nsapato. Achimwene, zimenezo musayandikire. Ndatsegulapo zoterozo: mkati mumapezeka kamemore khadi kakang'ono komatidwa ndi guluu, pambali pake tizitsulo toti chinthucho chizilemera m'manja. Anakakonza kuti kazinamiza kompyuta za kukula kwake. Mukamakopera zonse zimaoneka ngati zikulowa, maina a mafayilo amaoneka, koma malo enieni akatha, zatsopano zimangotayika kapena kufufuta zakale. Mumadzazindikira patapita miyezi, kasitomala atabwera kudzafuna zithunzi, mukutsegula chithunzi chikukana. Chinyengo china chofala ndi kutenga diski yakale ya mu laputopu ya kaunjika, kuiika m'chikesi chatsopano, n'kuigulitsa ngati yamubokosi.

Zonse ziwirizi zimagwidwa mosavuta ndi mapulogalamu awiri aulere. CrystalDiskInfo imaonetsa maola amene diski yakhala ikugwira ntchito chiipangireni, pa mzere wolembedwa Power On Hours. Yatsopano iyenera kuonetsa maola ochepa kwambiri. Mukaona masauzande, kapena pakuoneka chikasu ndi mawu oti Caution, bwezani pomwepo. Pitani ndi laputopu yanu kusitolo mukayesere pa kauntala, wogulitsa woona mtima sangakane. Inayo ndi H2testw, imene imadzaza diski yonse n'kuwerenganso kuti ione ngati malo olembedwa pabokosi alipodi. Pa 1TB imatenga maola angapo, ndiye iyambitseni madzulo, diski isanalowe fayilo yanu ngakhale imodzi. Nambala ya siriyo muthanso kuifufuza pa webusaiti ya Seagate kapena WD kuti muone ngati waranti ilipo. Dziwani kuti waranti imabweza diski ina, siibweza zithunzi. Koma musakakangane ndi wogulitsa mukaona 1TB ikuonetsa 931GB pa Windows, kapena 2TB ikuonetsa 1.81TB. Pamenepo sanakubereni, opanga amawerenga m'ma 1,000 pamene Windows imawerenga m'ma 1,024.

Enanso akuuzani kuti mungoika zonse pa Google Drive, external n'zachikale. Mwina sanaone kukula kwa ntchito yanu. Malo aulere kumeneko ndi 15GB, ogawana ndi Gmail. Chithunzi chimodzi cha RAW, chosakonzedwa monga chachokera m'kamera, pa kamera ya ma megapixel 24 chimadya 25MB kapena 30MB, ndiye zithunzi 1,000 zadutsa kale malowo. Vidiyo ya 4K ya ola limodzi imatha kufika 45GB. Muwerengere bandulo yokwezera zimenezo. Kumene Google Drive ingakuthandizeni ndi pa zithunzi zomaliza za JPEG za ntchito imene simunapereke, pamodzi ndi mapangano ndi malisiti anu. Zimenezo ndi zochepa ndipo n'zofunika kukhala ndi kope lachitatu.

Diski ikangofika, onani mmene anaifomatira musanaikemo kanthu. Ikafomatidwa mwa mtundu wotchedwa FAT32 siilandira fayilo yoposa 4GB, ndiye mavidiyo anu adzakana. Ngati mumagwiritsa ntchito Windows yokha, ikhale NTFS. Ngati mumapatsirana ndi anzanu a Mac, ikhale exFAT, chifukwa Mac imawerenga NTFS koma siilembapo. Pokopera gwiritsani Copy, osati Cut, ndipo mukatha tsegulani zithunzi zingapo ndi vidiyo imodzi kuchokera pa external pomwepo muone ngati zikutseguka. Kukoka mafoda ndi manja kumatopetsa, munthu umafika posadziwa chimene wakopera ndi chimene watsala, ndiye ikani FreeFileSync, ndi yaulere. Imafananitsa mbali ziwiri n'kukopera zatsopano zokha. Musankhe Update. Mukasankha Mirror, chimene mwafufuta mwangozi pa laputopu ichifufutanso pa external.

Tsopano chenjezo limene anthu amalinyozera kwambiri: diski yosungira isapite kosindikizira zithunzi, isabwerekedwe kwa wofuna mafilimu, isalowe pa TV. Makompyuta a m'malo osindikizira amalandira mafulashi a tauni yonse, ndipo kachilombo kaja kosandutsa mafoda kukhala ma shortcut kamatengedwa kumeneko. Kameneko kali ndi chifundo pang'ono chifukwa kawirikawiri kamangobisa mafoda, ndipo amabwerera. Koopsa ndi ransomware, imene imakhoma mafayilo onse n'kufuna dipo. Mtundu wotchedwa STOP/Djvu unafala kudzera m'mapulogalamu obedwa amene anthu amatsitsa pa intaneti, ngati ma Photoshop aulere aja amene ojambula ambiri amadalira. Umasiya kakalata kotchedwa _readme.txt kofuna dipo, limene kale linali madola 980, ndipo umakhoma chilichonse chimene chalumikizidwa pa kompyuta nthawi imeneyo, external yomwe. N'chifukwa chake ndikuti yachiwiri izikhala yozula. Kosindikiza pitani ndi fulashi yokhala ndi zithunzi za tsiku limenelo basi.

Pozula dinani Eject kaye, dikirani kanyali kasiye kuphethira. Osainyamula kapena kuisuntha ikugwira ntchito, ndipo iikeni pakati pa tebulo, chingwe chisalendewere. Kabowo kolowetsa chingwe n'kosalimba, ndipo pa ma WD ang'onoang'ono ambiri kanawotcheredwa pa diski penipeni, moti kakathyoka simungangosintha chikesi. Muzizula chingwe musanaike m'chikwama.

Tsiku lina Windows ikadzakuuzani kuti diski ikufunika kufomata musanaigwiritse ntchito, kanani. Nthawi zambiri mafayilo amakhala akadali momwemo, ndipo mapulogalamu ngati PhotoRec kapena Recuva amatha kuwatulutsa, bola muziwatulutsira pa diski ina. Koma mukamva kugogoda kuja, zulani nthawi yomweyo. Osaitsegula ndi sikuludiraiva, osaiika mufiriji monga ena amalangizira, osaiyesa kwa anzanu. Ndipo ngakhale isadwale, diski ikakwanitsa zaka zinayi kapena zisanu yambani kuisakira yolowa m'malo.

China chokhudza makhadi a m'kamera, popeza nawonso achinyengo ndi ambiri ndipo H2testw imawayesa chimodzimodzi: kuli bwino kukhala ndi angapo a 32GB kapena 64GB kusiyana ndi limodzi lalikulu, ndipo khadi lisafomatidwe kufikira zithunzi zake zili pamalo awiri ndipo mwazitsegula n'kuziona ndi maso. Mukagula diskiyo, jambulani zimene CrystalDiskInfo ikuonetsa munditumizire musanataye lisiti, ndikuuzani ngati ili bwino.