Agalu awiri, mphaka mmodzi, bini yosachedwa kudzaza

Mayi ena a ku Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, atilembera imelo. Akuti ali ndi agalu awiri ndi mphaka mmodzi, ndipo bini imadzaza galimoto yotola zinyalala isanabwere, fungo ndi ntchentche mpaka pakhonde. Akufunsa chomwe angachite kuti zinyalalazi zichepe.

Mayi, chimene chikulemetsa bini yanu si matumba a chakudya ayi. Ndi manyi a agalu omangidwa m'majumbo, komanso mchenga wogula kusitolo womwe mphaka amadzithandizirapo. Jumbo siwola, ndipo kukatentha ngati mu Okutobala zam'katimo zimangofufuma n'kumanunkha. Mchengawo ndi dongo, suwolanso.

Tiyambe ndi agalu. Pezani dramu lapulasitiki la malita 200, mulidule pakati, theka limodzi mulichotse pansi pake, mulibowole m'mbali timabowo tolowa chala. Likwirireni pakona ya mpanda, mlomo wake utsale masentimita 10 pamwamba pa nthaka kuti madzi a mvula asalowe, ndipo muikepo chivundikiro cholemera. Tsiku lililonse wolani ndi fosholo n'kuthira mmenemo. Pa mafosholo awiri a manyi, thirani imodzi ya utuchi. Likauma m'chilimwe, thiranimo madzi otsukira mbale opanda Jik, chifukwa Jik amapha tizilombo towoletsa. Likamanunkha kwambiri ndiye kuti lanyowetsa, onjezani utuchi. Mukathira phulusa, lingokhala lodzaza dzanja limodzi, lochuluka limaimitsa kuwola.

Koma musanakumbe, yang'anani madzi. Dzenjeli likhale mamita 30 kuchokera pachitsime kapena mjigo, wanu ngakhale wa aneba. Kolera ya 2018 ku Glen View ndi Budiriro, mu Harare momwemo, sinachokere kwa agalu, koma inaonetsa mmene uve umalowera m'madzi apansi. Mapuloti a ku Mufakose ndi aang'ono, ndiye ngati mtundawo sukukwana, kapena muli pa dothi lakuda lakudambo lomwe limadzaza madzi mu Januwale, dzenje lisiyeni. Kulungani m'nyuzipepala ndi utuchi pang'ono, muponye m'bini. N'kwabwinobe kusiyana ndi jumbo.

Zowola za m'dramulo musazithire pa rape, chomolia kapena tomato. Mazira a njoka za m'mimba za agalu amakhala amoyo m'dothi zaka, ndipo dzenje lotere silitentha mokwanira kuwapha. Likadzaza, zulani dramu, kwirirani ndi dothi, mudzabzalepo maluwa. Agaluwo muziwamwetsa mankhwala a njoka miyezi itatu iliyonse.

Kwa mphaka, utuchi womwewo ulowe m'malo mwa mchenga wogula. Akalipentala a ku Glen View Area 8 amakhala nawo wambiri. Pemphani wa paini wosathira mankhwala. Wa matabwa obiriwira otetezedwa ku chiswe ndi wa chipboard uli ndi mankhwala ndi guluu, ukaneni. Thirani masentimita 5 m'beseni, muzichotsa chimbudzi tsiku lililonse, utuchi wonse muzisintha pa sabata. Mphaka ndi wamakani: mukasintha kamodzin'kamodzi akayamba kudzithandiza kuseri kwa sofa. Sakanizani pang'onopang'ono kwa sabata imodzi. Ntchitoyi asagwire mayi woyembekezera, popeza chimbudzi cha mphaka chimatha kukhala ndi toxoplasma, kachilombo koopsa kwa mwana wam'mimba.

Za chakudya n'zachidule. Thumba limodzi lalikulu limasiya zinyalala zochepa kuposa timapaketi khumi, bola mulitseke bwino lisalowe anankafumbwe ndi chinyezi. Mkute wa nsima ndi matemba galu amadya, koma ndiwo za anyezi kapena adyo zimawononga magazi ake, ndipo mafupa a nkhuku ophika amathetheka n'kubaya matumbo. Nsima yokhayokha imachulukitsanso zomwe muziwola m'mawa.

Ngati mwa agaluwo muli wamkazi, kamutseketseni kwa dokotala wa ziweto kapena ku SPCA, bungwe loteteza nyama ku nkhanza. Dramu ili ndi la agalu awiri, osati asanu ndi atatu.