Yezani modutsa madzi, zotsalazo ijambule kompyuta

Sabata ino ndalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina amene wangoyamba kumene ntchito pa kampani ya zomangamanga kuno ku Mangochi. Abwana ake amupatsa ntchito yoyeza ngalande ndi kerb, kakhoma ka konkire kaja kotchinga m'mphepete mwa phula, ndiye akufunsa ngati mu Civil 3D, pulogalamu ya pa kompyuta yojambulira mapulani a misewu, muli njira yachidule yoti asamapse ndi dzuwa tsiku lonse kenako n'kuchezera usiku akulumikiza madontho pa kompyuta.

Achimwene, njira ilipo ndipo ndikuuzani. Koma funso lanuli landitokosa pachilonda, ndiye mupirire kaye.

Ine ntchitoyi ndinayamba ndili wogwira ndodo yoyezera, imene imaimikidwa pa dontho lililonse loti liyezedwe. Bwana wathu wa nthawi imeneyo ankakhala m'galimoto pansi pa mtengo, mawindo otseka, ife tili pakati pa msewu kuzemba akabaza. Ankafuna dontho pamwamba pa kerb, lina kumbuyo kwake, lina pansi pake, lina pakati pa ngalande, lina pamlomo wa tsidya linalo. Madontho asanu pamalo amodzi, kenako musunthe pang'ono muyambirenso. Dzina la dontho lililonse tinkalemba m'kope ndi pensulo chifukwa amati kulemba pa makina n'kuchedwa. Ikafika 11 koloko phula limakhala layamba kufewa, ukayang'ana mu total station, makina oyezera mtunda ndi makona, ndodo ikuoneka ngati ikuvina chifukwa cha kutentha. Amene anakhalapo ku Mangochi mu Okutobala akudziwa zimene ndikunena. Madzulo tikabwerera ku ofesi, mlongo wina amene ankajambula ankatenga kope lathu lonyowa ndi thukuta lija n'kuyamba kulumikiza dontho ndi dontho. Magetsi akathima asanasunge, mawa kuyambiranso.

Nanga anthu a m'mbali mwa msewu! Ukangoimika makina, mayi wogulitsa usipa wafika kale: “Bambo, mukufuna kutigumulira?” Mumalongosola kuti ayi, tikungoyeza ngalande. Sakukhulupirirani, ndipo sindiwaimba mlandu, chifukwa nthawi zambiri akaona masaveya chotsatira chimakhala penti yofiira pakhoma. Zikhomo zimene mwakhoma lero mawa mupeza wina wamangirirapo mbuzi, kapena zalowa kale pamoto. Chifukwa chake ine chizindikiro changa chenicheni ndimachiika pa konkire ya kalavati kapena pa maziko a nyumba yolimba, msomali ndi penti. Mtengo wokhoma m'dothi sugona masiku awiri m'tauni muno.

Koma chimene chimandipweteka kwambiri ndi china. Panali msewu wina umene mapulani ake anabwera atajambulidwa kale mumzinda, ndi anthu amene ndikukhulupirira kuti ku Mangochi amangobwera kudzadya chambo. Papepala zinali zokongola zedi, mizere yamitundumitundu, manambala ali ndondondo. Kontilakitala anamanga monga mwa pepala. Mvula yoyamba itagwa madzi anangoima m'ngalande, osapita kumanja osapita kumanzere, mpaka anachita ndere, udzudzu n'kupeza pokhala. Titapita ndi levulo, chida choyezera kukwera ndi kutsika kwa malo, tinapeza kuti oyeza oyamba aja anatenga pamwamba pa kerb pokha ndi GPS, kenako anauza kompyuta kuti pansi pa ngalande ndi pamwambapo kuchotsako nambala imodzimodzi msewu wonse. Kompyuta inamvera. Sidziwa kukana.

Ndinene mosabisa: njira zachidule zambiri zimene mumaziona pa YouTube zinapangidwira misewu ya kumayiko kumene kerb imaumbidwa ndi makina, yofanana kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Kuno ngalande zathu zambiri ndi za miyala ndi simenti, zomangidwa pamanja, mmisiri uyu mbali yake, winayo mbali yake. Pena yakuya kufika m'bondo, mukasuntha pang'ono yafika m'chiuno, kutsogoloko eni golosale anaivundikira ndi silabu kuti makasitomala azidutsa. Munthu amene akuti ngalande yotere ili ndi muyeso umodzi ndiye kuti sanatsike m'galimoto.

Ndiye onjezerani malo athuwa mmene alili. Tauni ya Mangochi yakhala pachigwa m'mbali mwa Shire, pakati pa nyanja ya Malawi ndi nyanja ya Malombe, ndipo madzi a nyanja ali pafupifupi mamita 474 kuchokera pa nyanja yamchere. Mukaima pa mlatho wa Bakili Muluzi n'kuyang'ana cha ku chipilala cha wotchi chija, muona nokha kuti tauniyi ndi yathyathyathya. Ku Blantyre kapena ku Zomba mutha kuphonya ndi masentimita atatu madzi n'kutsetsereka ndithu, phiri limakukhululukirani. Kuno ayi. Ngalande ya konkire imafuna kutsika pafupifupi mita imodzi pa mamita 200 aliwonse, kutanthauza mamilimita 5 pa mita. Pa mamita 10 ndi masentimita 5 okha. Tsono GPS ya RTK, imene masaveya amayezera, pa kukwera ndi kutsika kwa malo imatha kuphonya ndi masentimita 2 kapena 3 ngakhale tsiku labwino. Werengani nokha: theka la kutsetsereka kwanu lathera mu kuphonya kwa chida. Ine pa ngalande za kuno GPS ndimaigwiritsa ntchito pondiuza pamene chinthu chili, koma kutalika ndimakhulupirira levulo kapena total station basi. Wina atsutse.

Ndipo musaiwale kofikira madziwo. Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023, kenako nyanja itakwera mu 2024 mpaka kulowa m'malo ogona alendo a m'mphepete mwake, tinaona ngalande zina zikubweza madzi m'malo mowatulutsa, chifukwa potulukira pake panali pansi pa madzi a mtsinje. Funsani achikulire a pamalopo kuti madzi anafika pati, akuonetsani mzere pakhoma. Muutenge mzerewo ngati dontho. Civil 3D sangakuuzeni zimenezo.



Tsono ku funso lanulo

Chinsinsi chili pa mayina a madontho, ndipo ntchitoyi imayambira mu ofesi musanapite ku msewu. Mu Civil 3D, pa gawo lotchedwa Figure Prefix Database, lembani mayina anu, mwachitsanzo NG wa pansi pa ngalande ndi KB wa kerb, mupatse lililonse layer yake (gulu lake la mizere pa chojambula), ndipo muchonge kuti likhale breakline, mzere wosonyeza pamene nthaka yasintha mwadzidzidzi. Mukapanda kutero, surface yanu, chithunzi cha nthaka chimene kompyuta imapanga, idzadumpha ngalande ngati palibe. Mu gawo lina lotchedwa Linework Code Set muli zilembo zimene mumalemba pa makina muli pamsewu: B poyamba mzere, E pomaliza, BC polowa pokhota, EC potuluka. Pokhota tengani madontho osachepera atatu. Mbali ya kumanja ikhale NG1, ya kumanzere NG2, kuti muziyenda kamodzi mukutenga mbali zonse popanda mizere kupingasana.

Chidule chenicheni ndi H ndi V. Mukalemba NG1 B H0.15 V0.15, pulogalamuyo ijambula yokha mzere wachiwiri masentimita 15 kumanja ndi masentimita 15 pamwamba pa dontho lanu. Nambala yokhala ndi kochotsera imapita kumanzere kapena pansi. SO imaimitsa mizere yoonjezerayo, monga pamene kerb yatsika polowera kunyumba ya munthu. Madontho asanu aja atha kutsala limodzi kapena awiri.

Koma ndodo muziyiika pansi, pamene madzi amadutsa, kompyuta ndiyo ipeke pamwamba pa kerb. Ikaphonya pamwamba ndi sentimita palibe amene anyowe. Ndipo H ndi V muzigwiritsa ntchito pa kerb zoumbidwa m'chikombole zokha, mutayeza ndi tepi. Pa ngalande ya miyala tengani dontho paliponse pamene yasintha, ngakhale abwana akuyang'ana wotchi.

Pokweza fayilo yang'anitsitsani ngati makina anu atulutsa PNEZD kapena PENZD, kutanthauza ngati nambala ya kumpoto (N) kapena ya kum'mawa (E) ndiyo yayambirira, chifukwa mukasinthanitsa msewu wanu ukagwera kutali. Funsaninso ngati mapulani akale ali mu Arc 1950 kapena WGS 84, njira ziwiri zowerengera malo pa mapu. Onse ali mu UTM 36S, chigawo cha mapu chimene Mangochi alimo, koma amasiyana ndi mamita oposa 100.

China, pemphani abwana akupatseni munthu wa fosholo. Ngalande za m'tauni muno zadzaza mchenga, majumbo ndi mabotolo, ndipo wogwira ndodo akatopa amangoiika pamwamba pa mchengawo. Akumbe mpaka fosholo ilire pa konkire, ndodo ikhale pamenepo. Tsiku loyamba yezani mamita 50 okha, mubwerere mukakweze mu kompyuta muone ngati mizere yatuluka bwino, kenako mupitirize msewu wonse.