Msilikali wa mizinga amene analemba za makombola ndi kutsetsereka pa madzi oundana

Mayi wina amene amawerenga zolemba zanga wanditumizira imelo yofunsa kuti: “Ndamva kuti buku loyamba lophunzitsa masewera otsetsereka pa madzi oundana linalembedwa ndi msilikali, ndipo kuti msilikali yemweyo analembanso za makombola. Kodi n’zoona, ndipo zinthu ziwirizi zikugwirizana bwanji?” Mayi, zimene munamvazo n’zoona, ndipo munthuyo ndi Robert Jones, ofisala wa asilikali a mizinga ku Britain, otchedwa Royal Artillery.

Ndiyambe ndi makombola chifukwa ndiwo anatsogola. Mu 1765 Jones anatulutsa buku lotchedwa A New Treatise on Artificial Fireworks. Kwa ife lero makombola ndi zoseweretsa za usiku wa chaka chatsopano, koma m’masiku amenewo ntchito yowapanga kawirikawiri inali m’manja mwa asilikali a mizinga, popeza wonga wophulitsira mzinga ndi womwewo umene umakankhira kombola m’mwamba. Wongawo umapangidwa posakaniza mchere wina wotchedwa saltpetre, makala ndi sulufule, ndipo munthu wodziwa kuuyeza pankhondo ankadziwanso kuuyeza pachikondwerero. Ngakhale udindo wotsikitsitsa wa maofisala a gululi unkatchedwa lieutenant-fireworker, kutanthauza wogwira ntchito ya moto. Mu 1749, pokondwerera mgwirizano wamtendere wa Aix-la-Chapelle, anaphulitsa makombola ambirimbiri ku Green Park mu London, katswiri wa nyimbo George Frideric Handel anapeka nyimbo ya mwambowo, ndipo mbali ina ya chinyumba chamatabwa chimene anamangira makombolawo inayaka moto anthu akuonerera. Kulemba malangizo a ntchito yoopsa chotere sikunali kocheza. Dziwaninso kuti makombola a nthawi ya Jones ankawala moyera kapena mofiirira ngati moto wa nkhuni. Mitundu yowala kwambiri yobiriwira ndi yofiira imene timaiona lero inabwera zaka za m’ma 1830, atayamba kugwiritsa ntchito mankhwala ena.

Buku lachiwiri, A Treatise on Skating, linatuluka mu 1772, ndipo ndilo limene lasunga dzina lake. Anthu anali atatsetsereka pa madzi oundana kwa zaka mazana ambiri iye asanabadwe, makamaka ku Holland kumene ankayenda ulendo pa ngalande zouma ndi chisanu atavala nsapato zokhala ndi chitsulo chachitali kunsi. Ku Edinburgh, mzinda wa ku Scotland, kunali kale kalabu ya masewerawa, imene wofuna kulowamo ankayenera kuzungulira ndi mwendo umodzi, kenako ndi winawo, n’kulumpha zipewa zitatu zosanjikizana. Chachilendo chimene Jones anachita ndicho kukhala pansi n’kulemba mmene thupi liyenera kuimira. Chitsulo cha kunsi kwa nsapato chili ndi mbali ziwiri zakuthwa, yamkati ndi yakunja, ndipo munthu akapendekera mbali imodzi chitsulocho chimalemba mzere wokhota pa madzi oundanawo. Jones anaphunzitsa kuyenda pa mbali iliyonse, kutambasula miyendo zala zitaloza uku ndi uku, kuima ngati womenya lupanga, ndiponso kulemba chithunzi cha mtima ndi mwendo umodzi, chimene chimafuna kuti munthu atembenuke ali pa liwiro. Anadandaulanso ndi zitsulo zomangirira ndi zingwe zimene zinkagwedera, motero analimbikitsa zomangidwa ku chidendene cha nsapato ndi sikuluwu. Ananenanso kuti sakuona chifukwa choletsera amayi kusewera nawo, maganizo amene sanali ofala m’nthawi yake.

Ine ndikuona kuti mabuku awiriwa ndi ana a mimba imodzi. Onse akutenga chinthu chosangalatsa maso, chimene anthu ankaphunzira pongoonera anzawo, n’kuchigawa m’magawo oyezeka monga mmene msilikali wa mizinga amayezera wonga ndi kupendeka kwa mzinga wake.

Koma sindingakhale ndikukuyankhani mokwanira nditabisa mbali yonyansa ya mbiri yake. M’chaka chomwecho cha 1772, Jones anazengedwa mlandu ku khoti la Old Bailey mu London chifukwa chogwiririra mnyamata wa zaka 13, ndipo anagamulidwa kuti anyongedwe. Mfumu George III inamukhululukira pokhapokha atachoka m’dzikomo, ndipo manyuzipepala a ku London analemba mokwiya kuti anapulumuka chifukwa chodziwana ndi akuluakulu. Jones anachokadi n’kupita kunja, koma buku lake la masewera linapitiriza kusindikizidwa mobwerezabwereza mpaka m’kati mwa zaka za m’ma 1800.