Funsani za Ziweto: Galu wanga amupeza ndi histiocytosis

FUNSO: Adokotala, ndili ndi galu wa mtundu wa Rottweiler wa zaka 7 amene ndamulera kuyambira ali kamwana. Mwezi wathawu anayamba kuwonda ndi kutsimphina, ndipo dokotala wa ziweto atayeza chotupa cha paphewa pake anandiuza kuti ndi histiocytosis. Kodi nthendayi ingapatsire ana anga? Nanga angachire? Achibale akundiseka kuti ndikulirira galu ngati munthu.
Mayi wa ku Area 47, Lilongwe

YANKHO: Pepani kwambiri, amayi. Pa nkhani ya ana, mtima wanu ukhale m'malo, chifukwa nthendayi sipatsirana, kaya kwa anthu kapena kwa agalu ena. Imayamba pamene maselo ena a chitetezo cha m'thupi la galuyo achulukana mopyola muyeso. Za achibale zisakuvutitseni, poti galu amene wakulonderani pakhomo zaka 7 ndi woyenera kumudera nkhawa.

Chofunika kwambiri n'chakuti mubwerere kwa dokotala wanu mukafunse mtundu weniweni wa nthendayi, popeza dzina limodzili limaphimba matenda osiyana kwambiri. Pali histiocytoma, kachotupa kofiira konga batani kamene kamatuluka kawirikawiri pa agalu osapitirira zaka 3, ndipo nthawi zambiri kamaphwa kokha pakatha mwezi umodzi kapena itatu. Pali reactive histiocytosis, imene si khansa koma kusokonezeka kwa chitetezo cha m'thupi, ndipo zotupa zake zimabwera ndi kupita, galu n'kukhala nazo nthawi yaitali akulandira mankhwala monga prednisolone kapena cyclosporine. Woopsa ndi histiocytic sarcoma, khansa imene imafalikira msanga ku kapamba, chiwindi, mapapo ndi mafuta a m'mafupa.

Sindikubisirani, amayi: msinkhu wa galu wanu, mtundu wake ndi malo a chotupacho zikundichititsa kuganiza kuti mwina ndi khansayi, chifukwa Rottweiler ali m'gulu la agalu amene imawagwira kwambiri, pamodzi ndi Bernese Mountain Dog ndi Flat-Coated Retriever. Komabe chigamulo chimachokera ku labotale, kumene amaunika kachidutswa ka chotupacho, ndipo kujambula chifuwa ndi mimba kumasonyeza ngati yafalikira. Pemphaninso kuti amuyeze matenda a nkhupakupa, amene ndi ofala kwathu kuno ndipo nawonso, monga khansayi, amathetsa magazi ndi kutupitsa kapamba.

Ngati khansa ili pamalo amodzi, opaleshoni, ngakhale yodula mwendo, ingamuwonjezere nthawi yabwino ndithu, ndipo agalu ambiri amazolowera miyendo itatu msanga kuposa momwe eni ake amaganizira. Ikafalikira, mankhwala otchedwa lomustine amangoichedwetsa kwa miyezi yochepa, ndipo amafuna kuyeza magazi pafupipafupi chifukwa amapweteka chiwindi ndi kuchepetsa maselo oyera a m'magazi. Funsani mtengo wa zonsezi musanayambe. Kwa ine, banja limene lasankha kungochepetsa ululu wa galu chifukwa thumba silikulola silinalakwe konse.

Kunyumba, mugonekeni pamthunzi ndi pofewa, mumupatse chakudya pang'onopang'ono koma kangapo patsiku. Prednisolone amamwetsa madzi ambiri ndi kukodzetsa pafupipafupi, choncho madzi asamasowe, ndipo mankhwalawa sawasiya mwadzidzidzi. Musamupatse ibuprofen kapena mankhwala ena a anthu, chifukwa amayambitsa zilonda za m'mimba ndi kuwononga impso, makamaka akakumana ndi prednisolone. Mukaona nkhama zayera, mimba yatupa mwadzidzidzi kapena akupuma movutikira, thamangani naye kuchipatala cha ziweto, monga cha bungwe losamalira nyama la LSPCA ku Lilongwe, tsiku lomwelo.

Muzilemba pakalendala tsiku lililonse ngati wadya, wadzuka yekha ndiponso ngati wakulandirani pachipata monga kale. Masiku oipa akayamba kuchuluka kuposa abwino, kambiranani ndi dokotala za jakisoni womuthandiza kufa mopanda ululu, ndipo ana muwauze zoona nthawi isanakwane m'malo mowanamiza kuti galu wasochera. Mukadzasankha kumuika pakhomo panu, dzenje lidzakhale lakuya ndiponso kutali ndi chitsime, chifukwa mankhwala a jakisoniyo amatsalira m'thupi ndipo angaphe nyama ina imene ingafukule.