Betta yanu sikudwala, yazizidwa

Mayi wina wa ku Luwinga wandilembera imelo. Akuti anagulira mwana wawo nsomba ya betta, yofiira, ya zipsepse zazitali, ndipo wogulitsa anawatsimikizira kuti imakhala bwinobwino m'botolo. Chiyambireni Juni yangokhala phee pansi, zipsepse yapinda, chakudya sikuchilabadira. Akufunsa ngati yadwala.

Mayi, ine ndikuona kuti vuto ndi chisanu. Kwawo kwa betta ndi ku Thailand, m'madambo ndi m'minda ya mpunga, momwe madzi ndi osaya koma ofunda. Imafuna madzi a madigiri 24 mpaka 28. Nanga kuno ku Mzuzu, komwe usiku wa Juni ndi Julayi timafunda mabulangete awiriawiri? Madzi a m'botolo amazizira msanga ngati tiyi wa m'kapu, ndipo thupi la nsomba limatsatira madziwo. Ikazizidwa imafooka, chakudya sichigayika, kenako matenda enieni amalowerapo.

Wogulitsayo sananame zonse ayi. Betta ili ndi chiwalo m'mutu chotchedwa labyrinth, chomwe chimaithandiza kupuma mpweya wa kunja. Mukaiyang'anitsitsa mudzaiona ikukwera, n'kutulutsa kakamwa pamwamba pa madzi, n'kubwerera. N'chifukwa chake siifa msanga m'madzi oipa. Koma kupirira si kusangalala. Dambo la kwawo ndi losaya, inde, koma ndi lotakasuka.

Ipezereni thanki ya malita 20, muikemo hita yaing'ono, ndi chivindikiro chosiya mpata wa mpweya, pakuti nsombayi imadumpha. Madzi a pampopi ali ndi kolorini, ndiye thiranimo mankhwala ochotsera musanawagwiritse ntchito. Magetsi akazima kulungani thankiyo ndi bulangete. Madzi otentha musathiremo.

Mwana akadzati nsomba yasungulumwa, musamvere. Amphongo awiri akakumana amatukumula masaya, n'kung'ambana zipsepse, nthawi zina mpaka wina kufa. Nsomba za mbuna za ku nyanja ya Malawi nazo musaziphatikize, n'zaukali ndipo zidzailuma.

Chakudya chake si nyenyeswa za buledi. Kuthengo imadya tizilombo ndi mphutsi za udzudzu, choncho gulani chakudya chopangira betta, muzipatsa pang'ono.

Ikafundidwa, tsiku lina mudzaona thovu launjikana pakona ya thanki. Musalichotse poganiza kuti ndi litsiro. Ndi chisa chomwe yamphongo imamanga, ndipo mazira imawatola ndi pakamwa, kuwaikamo, n'kuwalondera yokha mpaka ataswa.