Funsani Azakhali: Kodi tachedwa kukonza ubale ndi mwana wathu?

Funso: Azakhali, ndine mayi wa ana atatu, ndipo woyamba ndi mnyamata wa zaka 16 yemwe ali Folomu 3 pasukulu ina yoyendera. Chaka chatha anayamba kufika pakhomo usiku ndiponso kuyankha mwamwano. Tsiku lina bambo ake anamukwapula pamaso pa anzake n'kumulanda foni, ndipo ine ndinamuuza kuti sadzaphula kanthu m'moyo. Kuchokera apo satilankhula, nsima amadyera kuchipinda, ndipo ang'ono ake amangoti zii bambo akalowa m'nyumba. Ndikaona mabanja ena kutchalitchi akuseka ndi ana awo ndimaona kuti ife tinalephera. Kodi chimwemwe chingabwererenso pakhomo pathu? Mayi wodandaula, Zomba.

Yankho: Zikomo Mayi chifukwa cha kalata yanu. Simunachedwe, ndipo musadziyeze ndi mabanja omwe mumawaona Lamulungu m'mawa atavala bwino, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Palibe kholo lomwe linalerapo mwana wa msinkhu umenewu osalankhula mawu omwe pambuyo pake linanong'oneza nawo bondo. Mabanja amasiyana pa zomwe amachita mkangano ukatha: ena amakhala pansi n'kukonza, pomwe ena amangokhala chete mpaka mwana atakula n'kuchoka pakhomo ali ndi mangawa.

Ndi bwino kumvetsa zomwe zikuchitika mwa mwanayo. Akatswiri a zaubongo amati mbali yakutsogolo ya ubongo, yomwe imathandiza munthu kudziletsa ndi kuganizira mapeto a zochita zake, imamaliza kukhwima munthu akamayandikira zaka 25. Malamulo aakulu a dziko lino nawo, kuyambira pomwe anasinthidwa mu 2017, amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Choncho muli ndi munthu yemwe thupi ndi mawu ake ndi zachikulu, akufuna kulemekezedwa ngati wamkulu, koma nzeru zake zikufunikirabe womuwongolera. Pa msinkhu umenewu manyazi amapweteka kuposa chikwapu, ndipo ndikukhulupirira kuti chomwe chamutsekera kuchipinda si foni ayi, koma kuti anzake anaona akumenyedwa, kenaka mayi ake, omwe akanathawirako, anamutemberera.

N'chifukwa chake ndikukupemphani chinthu chomwe makolo ambiri a kuno kwathu amachiona ngati kudzitsitsa: mupepeseni. Musapepese chifukwa chomudzudzula, poti kufika usiku ndi mwano n'zolakwika ndithu, koma chifukwa cha mawu aja ndi kumuchititsa manyazi. Muuzeni muli awiri kuti munalankhula mutapsa mtima ndipo simukhulupirira kuti iye ndi wolephera. Mwina sadzayankha tsiku lomwelo, ndipo musamukakamize. Ulemu wanu suchepa chifukwa cha zimenezi, komanso mwanayo aphunzirapo momwe munthu wamkulu amavomerera kulakwa, chomwe ndi chinthu chomwe inu mukufuna kuti iyenso achite.

Abambo angavutike kuyamba okha, ndipo apa mpamene mwambo wathu umathandiza. Pakati pa Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe a kwanuko, monganso pakati pa Achewa, malume ali ndi mawu pa mwana wa mlongo wawo, ndipo mnyamata amatha kuwauza atsibweni zomwe sangauze bambo ake. Aitaneni kuti adzamve mbali zonse, osati kudzaweruza mlandu. Koma musanawaitane, inu ndi bambo mugwirizane kuchipinda, ana asakumva, pa malamulo ochepa omwe simudzawasintha, monga nthawi yofikira pakhomo, kupita kusukulu tsiku lililonse ndi nthawi yozimitsa foni usiku. Muloleni mwanayo anenepo maganizo ake pa malamulowo ndi pa chilango chake, chifukwa lamulo lomwe munthu wavomera yekha savutika kulisunga. Zina monga kametedwe ndi nyimbo zomwe amamvera, zilekeni zipite. Chikwapu chokha chilekeke, chifukwa mwaona kale kuti chaopseza ndi ang'ono ake omwe sanalakwe.

Foniyo mubwezereni mutagwirizana za kagwiritsidwe ntchito kake, ndipo muyambirenso kudyera pamodzi chakudya chamadzulo, popanda kufunsana za magiredi kapena za mayeso a MSCE omwe akumudikira chaka chamawa. Nkhani za sukulu zipatseni nthawi yake ina.

Khalani tcheru pa zizindikiro zingapo. Mukaona kuti akujomba kusukulu, akununkha mowa kapena chamba, wasiya kudya, kapena akulankhula zofuna kudzipha, musadikire malume. Kambiranani ndi aphunzitsi ake, pitani naye kuchipatala, kapena imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana yomwe imayendetsedwa ndi bungwe la YONECO, lomwe likulu lake lili ku Zomba komweko. Mnyamatayo muuzeninso za nambalayi, kuti akhoza kuimba yekha ngati pali zomwe akuchita manyazi kukuuzani.