Hita ya pikapu ikamatentha kenako n'kuzizira, yambani mwaona madzi a mu injini

Owerenga wina watumiza imelo yofunsa za pikapu yake ya dizilo. Akuti: "Hita imatentha bwinobwino ndikamathamanga, koma ndikaima kapena kuchepetsa liwiro imayamba kuuzira mpweya wozizira. Ndikaponda mafuta kutentha kumabwerera. Nthawi zina ndimamva madzi akuwirawira kuseri kwa dashibodi. Geji ya kutentha kwa injini imakhala pakati. Kodi ndigule hita ina?"

Achimwene, musagule kanthu kaye. Zimene mwafotokozazi zikuloza ku madzi ochepa kapena mpweya umene watsekeredwa m'mapaipi, ndipo zimenezi sizifuna kumasula dashibodi.

Hita ya galimoto zambiri ilibe waya wotentha ngati ya magetsi ya m'nyumba. Kuseri kwa dashibodi kuli karadiyeta kakang'ono, amakaniko amati heater core. Madzi a mu injini, amene amakhala atatentha madigiri 85 mpaka 95, amalowa m'menemo ndi paipi imodzi n'kutuluka ndi inzake, ndipo fani imauzira mpweya kudutsa pakaradiyetako. Kutentha kukamabwera n'kumathawa, ndiye kuti madzi otentha sakufikako nthawi zonse, kapena madziwo sakutentha mokwanira, kapena kachitseko kosakaniza mpweya wotentha ndi wozizira kakulephera. Chimene chimaulula vuto ndi nthawi imene kuzizirako kumayambira.

Kwa inu kumayamba galimoto ikaima. Pamenepo injini imazungulira maulendo 700 kapena 800 okha pa mphindi, ndipo pampu ya madzi imakankha mofooka. Heater core pa magalimoto ambiri imakhala pamalo okwera, kumene mpweya umathawira. Madzi akachepa, pampu yoyenda pang'onopang'onoyo imalephera kuwakweza mpaka kumeneko. Mukaponda mafuta n'kufika pa 2000, madzi amakankhidwa mwamphamvu, amadutsa, kutentha n'kubwerera. Phokoso lowirawira lija ndi madzi akulimbana ndi mpweya mu heater core.

Geji isakunamizeni. Mageji ambiri anapangidwa kuti singano izikhala pakati ngakhale kutentha kukusinthasintha, ndipo madzi akachepa kwambiri sensa yoyeza kutenthako imatha kukhala mu mpweya m'malo mwa m'madzi, n'kumaonetsa zabodza.

Dikirani injini izizirire, makamaka m'mawa isanalizidwe. Musatsegule chivindikiro cha radiyeta injini ili yotentha: mkatimo muli mphamvu ya pafupifupi bar imodzi (bar ndi muyeso wa mphamvu yokankha ya madzi kapena mpweya), imene imachititsa kuti madzi asawire ngakhale atapitirira madigiri 100, ndipo mukangomasula amaphulika n'kukuwotchani nkhope ndi manja. Ikazizira, tsegulani chivindikiro cha radiyeta yeniyeniyo, osangoyang'ana kathanki kapulasitiki kam'mbali. Kathankiko kamatha kuoneka kodzadza radiyeta ili ndi ludzu, ngati chivindikiro chatha kapena kapaipi kopita kukathankiko kang'ambika. Madzi ayenera kufika m'khosi mwa radiyeta. Mapikapu ena alibe chivindikiro pa radiyeta; pamenepo chivindikiro chenicheni chili pa kathankiko, ndipo madzi akhale pakati pa MIN ndi MAX.

Ngati achepa, thirani coolant, mankhwala amadzi oziziritsira injini, wa mtundu umene buku la galimotoyo latchula, wosakaniza theka ndi theka ndi madzi otchezedwa a distilled, pokhapokha ngati munagula wosakaniziratu. Kenako chotsani mpweya. Imikani pikapu pachitunda, mphuno italoza kumtunda, kuti khosi la radiyeta likhale pamwamba pa zonse. Ikani hita pa kutentha kotheratu, fani pang'ono. Lizani injini chivindikiro chili chotsegula, muzikhala mukuthira madzi akamatsika. Finyani paipi yaikulu yapamwamba kangapo, muona thovu likutumphuka. Injini zina zili ndi kabawuti kotulutsira mpweya pafupi ndi thermostat, kavalavu kamene kamatseguka injini ikatentha kuti madzi apite ku radiyeta. Kamasuleni pang'ono mpaka madzi atuluke opanda thovu, n'kukamanganso. Pakatha mphindi 15 kapena 20 thermostat imatseguka, paipi yapamwamba imatentha, madzi amatsika mwadzidzidzi. Dzazaninso, kwezani injini pa 2000 kwa mphindi zochepa, tsekani chivindikiro. Mawa lake m'mawa onaninso, chifukwa kawirikawiri amakhala atatsikanso pang'ono.

Apa ndi pamene ambiri amasiyira, poti hita yayambanso kutentha. Koma madzi a mu injini sangotha okha ngati mafuta. Ngati anachepa, pali pomwe akutulukira. Tengani tochi muyang'ane pomwe mapaipi amangidwa ndi makilampu, m'mphepete mwa radiyeta, ndi pansi pa pampu ya madzi pomwe pali kabowo kamene kamayamba kudontha pampu ikamatha. Coolant akauma amasiya zoyera kapena zobiriwira zokakamira ngati mchere. M'kati mwa galimoto, gwirani kapeti kumapazi a wokwera kutsogolo. Ngati yanyowa, mukumva kafungo kotsekemera, ndipo galasi lakutsogolo limachita nthunzi yonanda imene sichoka mukapukuta, heater core ndiyo ikudontha, ndipo pokhapo m'pamene kugula ina kuli koyenera. Ngati simukuona kanthu, makaniko apope mpweya m'radiyeta ndi pampu yoyesera mpaka pa nambala yolembedwa pa chivindikiro, nthawi zambiri bar 0.9 kapena 1.1, aone ngati singano ikutsika pa mphindi 15. Chivindikirocho achiyesenso. Ndi kanthu kakang'ono koma raba wake akatha amataya madzi mwakachetechete.

Chimene ndimaopa kwambiri pa nkhani ngati yanuyi ndi gasiketi ya silinda hedi, imene imamata pakati pa mutu wa injini ndi thupi lake. Ikayamba kupsa, utsi wa m'silinda umalowa m'madzi pang'onopang'ono. Mumachotsa mpweya lero, hita n'kugwira, pakatha masiku atatu vuto labwerera. Zizindikiro zake ndi thovu losatha m'khosi la radiyeta, paipi yapamwamba kuuma gwa injini itangolizidwa isanatenthe, utsi woyera wosatha ku ekizozi, kapena oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka. Pali mankhwala abuluu oyesera amene amaikidwa m'kabotolo pakhosi la radiyeta. Akasanduka achikasu kapena obiriwira, utsi ukulowadi. Pa madizilo okhala ndi EGR cooler, yoziziritsa utsi wobwerera mu injini, nayonso imatha kung'ambika mkati n'kumameza madzi popanda dontho pansi.

Tsopano tinene kuti madzi ndi odzadza, mpweya mulibe, koma vuto lilipobe. Injini ikatentha, tsegulani boneti mugwire mosamala mapaipi awiri aja olowa kukhoma la kuseri kwa injini, manja kutali ndi fani ndi malamba. Onse awiri ayenera kukhala otentha, wotulukayo mocheperako pang'ono. Ngati wina ukuwotcha pomwe winayo ndi wofunda chabe, heater core yatsekeka ndi dzimbiri ndi matope. Zimayamba chifukwa cha madzi a pampopi, kusakaniza ma coolant osagwirizana, kapena mankhwala othira m'radiyeta otsekera mabowo, amene amakatsekanso tinjira tating'ono ta hita. Injini ikazizira, zulani mapaipi onse awiri, lowetsani madzi ndi hosi kuchokera kotulukira kuti zinyalala zibwerere kumene zinalowera, kenako tembenuzani, mpaka madzi atuluke oyera. Mpopi musautsegule wonse. Heater core inapangidwira mphamvu ya bar imodzi, pomwe mpopi umatha kufika pa 3 kapena 4, ndipo mukhoza kuiphulitsa. Pikapu ina imakhala ndi valavu pa paipi yolowa. Onani ngati ikutseguka mukatembenuza batani.

Ngati heater core ndi yoyera koma madzi akuyendabe mofooka, kayikirani pampu. Mapiko ake amadyeka ndi dzimbiri, kapena amamasuka pa chitsulo chake n'kumangozungulira mwaulesi. Onaninso lamba ngati walefuka.

Thermostat anthu amaithamangira, koma zizindikiro zake ndi zosemphana ndi zanu. Ikakanirira chotsegula, hita imazizira mukamathamanga pamsewu waukulu kapena potsetsereka, singano n'kugwa pansi, ndipo imafundako mukaima. Galimoto zina za kompyuta zimalemba khodi ya P0128. Kuyesa kwake n'kosavuta: lizani injini yozizira mutagwira paipi yapamwamba. Iyenera kukhala yozizira kwa mphindi zingapo kenako n'kutentha kamodzin'kamodzi. Ikamafunda pang'onopang'ono kuyambira pachiyambi, thermostat sikutseka. Ikani ina ya nambala yomweyo, monga madigiri 82 kapena 88. Kuichotseratu, monga ena amalangizira, ndi kulakwitsa: injini yozizira imamwa mafuta ambiri ndipo imatha msanga.

Mapaipi onse awiri akakhala otentha koma mpweya ukutuluka wozizira, vuto lili m'dashibodi. Kachitseko kosakaniza mpweya kamayendetsedwa ndi waya wokoka kapena kamota kakang'ono ka mano apulasitiki. Manowo akagweluka mumamva kugogoda kuti tiki tiki mukasintha batani, ndipo kutentha kumasintha mosatsata liwiro la injini, mwina mukagunda bampu. Pa magalimoto ambiri kamotako kamafikika pochotsa bokosi la kutsogolo kwa wokwera.

Dizilo mwachibadwa satulutsa kutentha kwambiri galimoto ikaima, choncho kunja kukazizira kwambiri hita imatha kufookako mukaima nthawi yaitali. Kufooka si kwachilendo ayi, koma kuzizira kotheratu pamodzi ndi phokoso la madzi si khalidwe la dizilo.

Mpaka mutapeza pomwe madzi akuthawira, yendani ndi botolo la coolant ndipo muziona madzi m'mawa uliwonse. Hita ikazizira mwadzidzidzi muli pa ulendo, n'kukana kubwerera ngakhale mutaponda mafuta, patukani muzimitse injini nthawi yomweyo, kaya singano yakwera kapena ayi, ndipo mudikire mphindi zosachepera 30 musanakhudze chivindikiro.